Tulo ta Rip Van Winkle

Mwa nthano zonse zokamba za munthu wogona, imodzi yomveka kutali ndi ya Rip Van Winkle. Woilemba anali Washington Irving wa ku America, ndipo inasindikizidwa m'chaka cha 1819. Ndi nthano yokoma ndithu, koma iyenera kuwerengedwa mochenjera, pakuti m'menemo muli phunziro loona, mulinso msampha.

Rip anali mlimi wa m'mudzi wina m'tsinde mwa mapiri a Catskill, pafupi ndi mtsinje wa Hudson. Anali munthu wofatsa, wokonda kuthandiza anzake, koma munda wake unali thengo lokhalokha, ndipo ana ake ankayenda ndi nsanza. Tsiku lina, pothawa kulalata kwa mkazi wake, anakwera phiri ndi mfuti ndi galu wake. Kumeneko anakomana ndi anthu achilendo, namwa chakumwa chawo chaukali, nagona tulo tofa nato. Podzuka anapeza mfuti yachita dzimbiri, galu palibe, ndevu zatalika zili mbuu. Anali atagona zaka 20. Atatsikira kumudzi anadzitcha munthu womvera mfumu ya ku England, osadziwa kuti dziko lake linamenya nkhondo ndi kuyamba kudzilamulira. Anthu anamuyesa kazitape.

Luso la Irving lili pakuti tulo ta Rip sitinayambire paphiri. Munthuyo anali m'tulo kale ali maso, pakuti sankaona njala ya m'nyumba mwake. Zaka 20 zija zingoonetsa poyera chimene chinalipo chiyambire. Wolembayo asonyezanso bwino kusintha kwa dziko ndi kanthu kakang'ono. Pakhomo pa nyumba ya alendo panali chithunzi cha Mfumu George III. Rip pobwerera anapeza nkhope ili yomweyo, koma malaya asinthidwa, ndipo pansi pake palembedwa dzina la Washington. Tsono tanthauzo lake n'lomveka: munthu wosafuna kudziwa zochitika m'dziko mwake amasanduka mlendo kwawo komwe.

Komatu nthanoyi ili ndi chilema. Irving amkondera Rip. Mkazi amene anasenza yekha mtolo wa banja sapatsidwa ngakhale dzina lakelake, ndipo aonetsedwa ngati wolongolola chabe. Rip pakumva kuti mkaziyo anamwalira, mtima wake ukhala pansi. Kenaka mwana wake wamkazi, Judith, amtenga kukakhala naye, ndipo nkhalambayo itsiriza masiku ake ikucheza ndi kusimba za paphiri. Kotero waulesi alandira mpumulo umene sanaugwirire ntchito. Mlimi aliyense adziwa kuti m'moyo weniweni munda wosiyidwa subala chimanga.

Msampha uli apa. Wowerenga angaganize kuti tulo ndi ulesi, ndi kuti munthu wakhama ayenera kugona pang'ono. Maganizo otere ndi olakwa. Tulo ta Rip ndi fanizo chabe. Tulo teniteni ndi ntchito imene thupi limagwira mwini wake atapumula.

M'chaka cha 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a pa yunivesite ya Chicago anaonetsa kuti pa nthawi zina maso a munthu wogona amayendayenda msanga pansi pa zikope, ndipo ambiri odzutsidwa pa nthawi yotere ankati anali kulota. Lero zidziwika kuti tulo timayenda m'magawo: topepuka, tatikulu, ndi ta maloto. Ulendo umodzi wa magawowa umatenga pafupifupi mphindi 90, ndipo umabwerezedwa kanayi kapena kuposerapo usiku umodzi. M'tulo tatikulu thupi limakonza minofu yotopa, ndipo mwana amakula. Ubongo nawo umakhazika bwino zimene munthu waphunzira masana.

Nanga muyeso wake ndi wotani? Madokotala alangiza kuti munthu wamkulu agone maola 7 mpaka 9 usiku uliwonse. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika maola 9 mpaka 12, ndipo khanda lobadwa kumene maola 14 mpaka 17 pa tsiku. Amene azolowera kugona mopereweza saganiza msanga, amapsa mtima ndi zazing'ono, ndipo ngozi siziwatalikira, makamaka ngati ayendetsa galimoto kapena makina.

Nkhani imeneyi ikhudza kwambiri akuluakulu amene amalima masana ndi kuphunzira kuwerenga madzulo. Wotere akamakhala pa nyali mpaka tambala woyamba, poyesa kuti apambana anzake, adzilanda yekha, pakuti zilembo zimene waona usikuwo zifuna tulo kuti zikhazikike m'mutu. Kuwerenga pang'ono tsiku ndi tsiku ndi kugona mokwanira ndiko kupindulitsa. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chotero nthano ya Irving iyenera kutamandidwa pa luso lake ndi kudzudzulidwa pa kukondera kwake. Cholakwa cha Rip sichinali kutseka maso usiku, koma kukana kuwatsegula masana. Munthu wogona maola ake, nadzuka m'mamawa kunka kumunda, sadzafunsa konse anansi ake kuti dziko likulamulidwa ndi yani.