Nyimbo yoposa zonse: kuposa pa chiyani?

Mu 2021 magazini ya Rolling Stone idaika "Respect" ya Aretha Franklin pamwamba pa nyimbo 500, pomwe mu 2004 padali ya Bob Dylan. Nyimbozo sizidasinthe ayi, adasintha ndi osankha.

M'Chichewa chinyengochi chimaonekera msanga, chifukwa mneni "kuposa" amasiya funso: kuposa pa chiyani? Kwa Kasakula munthu atha kusiyanitsa bwinobwino: "Linny Hoo" ya Giddes Chalamanda njotchuka, "Mabala" ya Lucius Banda njokhudza mtima, yamganda njovinika. Mndandanda umangothira zonsezi m'dengu limodzi.

Tsono wina akati "iyi ndiye nambala wani", mufunseni: pa chiyani, achimwene? Akachita chibwibwi, dziwani kuti akungotiuza zokonda zake basi.