Fizi imayambira ku nazale

Mwezi wa Seputembala ukafika kwa Chulu, kumpoto chakumadzulo kwa boma la Kasungu, makomo ena amagwira ntchito ziwiri sabata imodzi. Mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko amakwezedwa pa njinga yamoto, thiranki yake itamangidwa kumbuyo ndi mphira. Makolo akangomuperekeza amatsikira kudambo kukakonza mabedi a nazale ya fodya. Mabedi amenewa ndiwo adzalipire Fomu 2. Kuchokera pa dothi la kudamboko kukafika pa lisiti la kubanki pali ulendo wa miyezi khumi kapena kuposerapo, ndipo sitepe iliyonse ili ndi luso lake loyenera kuliyang'ana pafupi.

Tiyambe ndi sukuluyo. Imodzi mwa zimene makolo a ku Kasungu amazitchula ndi ulemu ndi Loyola Jesuit Secondary School, yogonera konko, ya anyamata ndi atsikana, yomwe idatsegulidwa mu 2015. Ili m'gulu la sukulu zotchedwa grant-aided, kutanthauza za eni ake koma zothandizidwa ndi boma. Kapangidwe kake n'kochititsa chidwi. Nyumba, malamulo ndi kayendetsedwe zili m'manja mwa ansembe a chipani cha Ajezuiti. Boma limalipira aphunzitsi ndiponso limasankha ambiri mwa ana olowa Fomu 1. Silabasi ndi ya dziko lonse, mayeso ndi a Maneb. Chotsalira kholo ndi chakudya ndi malo ogona a mwana, yunifolomu, sopo, makope ndi ulendo. Ku Mtunthama, kum'mawa kwa boma, kuli Kamuzu Academy ya 1981, ya Chilatini, Chigiriki ndi mayeso a Cambridge, koma fizi ya kumeneko mlimi wa ekala imodzi sangaifike popanda womugwira mkono. Sukulu yothandizidwa ndi boma ndiyo ili pamene dzanja lake lingafike, ngakhale mochita kunyanyamphira.

Khomo lolowera ndi mayeso a Sitandade 8. Mapepala ake, kupatula la Chichewa, amalembedwa m'Chingerezi, ndipo amene wakhoza kwambiri ndiye amapeza malo ku sukulu zogonera konko. Ambiri amapita ku CDSS yoyendera. Chaka cha mayesowo kholo limagula kanyali ka sola, limamuchotsera mwana ntchito ya kumjigo ndi ya kubusa, ndipo dzina likatuluka pa mndandanda chisangalalo chimatenga tsiku limodzi. Tsiku lachiwiri amayamba kuwerengera ndalama.

Tibwerere ku nazale kuja. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono kwambiri moti galamu imodzi imakhala ndi njere zoposa 10,000. Simungaiwaze ndi dzanja ngati mpiru. Mlimi amathira kambewu kochepa m'kheni yodzaza madzi, n'kumatakasa ndi kamtengo kuti zisakhazikike pansi, kenako amayenda m'mbali mwa bedi ndi liwiro limodzi, osaima, osathamanga. Akaima pang'ono, pamalopo mbande zidzamera mothithikana n'kukhala zoonda. Akafulumira, padzakhala dazi. Bedi lenilenilo amalipanga lopapatiza dala, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo. Pamwamba amayala udzu wouma mopyapyala, wokwanira kuteteza ku dzuwa la Okutobala koma wolola kuwala kulowa, ndipo mbande zikamatuluka amauchepetsa pang'onopang'ono. Kuthirira ndi m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Zikakula amazimeta masamba kuti zonse zilingane msinkhu, ndipo kutatsala masabata ochepa kuti ziwokeredwe amazimana madzi dala kuti zikhwime. Amene sadziwa angaone ngati nkhanza. Mbande yoleredwa mofewa ikafika kumunda imagona ndi dzuwa la tsiku loyamba.

Mvula yeniyeni ikagwa, kawirikawiri chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, amawokera. Mmodzi amatsogola ndi kamtengo koyezera mpata, wina amaika mbande, wina amatsindira dothi ndi zala ziwiri kuti muzu usakhale m'mphako. Feteleza samwaza. Amaboola kadzenje pambali pa chomera, n'kuthiramo muyezo wa kakapu, n'kukwirira: Super D poyamba, CAN pambuyo pake.

Apa m'pamene kalendala ya sukulu ndi ya fodya zimasemphana. Teremu yachiwiri imatsegulidwa mu Januwale, mwezi umene nkhokwe yapepuka, fodya akadali wamng'ono ndipo naye akufuna chakudya chake. M'munda mulibe chogulitsa. Kholo laluso limakhala litauona mwezi umenewu kuchokera mu Julayi. Lidagula mbuzi ziwiri kapena kamwana ka nkhumba nthawi imene ndalama inalipo, podziwa kuti ndalama yosunga m'nyumba imatha ndi maliro, matenda ndi alendo, pamene mbuzi simungaidule mwendo kuti mugule mchere. Mayi amakhala ataponya masheya ku banki m'khonde chaka chonse, ndipo magulu ambiri amagawana chakumapeto kwa chaka, pa nthawi yake yeniyeni. Teremu yachitatu, ya mu Epulo, amaikonzera soya ndi mtedza, zomwe zimalowa pamsika mabelo asanayende. Choncho munda wa kholo la mwana wa sekondale ukauyang'ana bwino uli ndi zigawo zotsata materemu, ngakhale mwini wake sanalembe paliponse. Ine ndimaona kuti luso lalikulu pa ntchito yonseyi ndi limeneli.

Fodya akatulutsa duwa amamudula nsonga kuti mphamvu ipite m'masamba, ndipo mphukira zotuluka m'mbali amazithena sabata ndi sabata. Utomoni wake umamata m'manja n'kuda bii, sopo wamba sauchotsa msanga. Kuthyola kumayambira pansi, masamba awiri kapena atatu pa chomera, okhawo amene ayamba kuyezuka, ena n'kuwasiyira ulendo wina. Lamulo limaletsa kugwiritsa ana ntchito zoopsa za fodya, ndipo mwana uja ali kusukulu, ndiye zonsezi zimagwera akuluakulu okhaokha ndi aganyu ngati alipo owalipira.

Pamthunzi pa chigafa pamakhala osoka. Singano yaitali imalowa pa tsinde la tsamba, pa mtsempha wonenepa uja, masamba n'kumatsetsereka pa chingwe motsatizana. Wozolowera sayang'ana n'komwe singano; amacheza, zala zikupeza zokha pobaya. Zosokazo amazipachika pa mikangala, mizere mizere mpaka kudenga. Fodya wa bale sawotcha ndi nkhuni ngati wa flue-cured: amauma ndi mphepo yokha, m'chigafa chofolera ndi udzu chopanda makoma. Ntchito ya mlimi ndi kuwongolera mphepoyo. Akapanikiza masamba, chinyezi cha Febuluwale chimawaoletsa. Akatalikitsa kwambiri, amauma mwachangu mtundu usanatembenuke, n'kutsala ndi mawanga obiriwira amene ogula sawafuna. Denga likadontha pamodzi pokha, mzere wonse wa pansi pake wada. Ndiye usiku wa mvula bambo amadzuka ndi tochi kukayendera chigafa, akukhudza masamba ndi kuseri kwa dzanja. Pakapita masabata angapo tsamba limachoka pa kubiriwira, kudzera pa chikasu, kufika pa kufiirira kwake kokongola, koma silinathe kufikira mtsempha wa pakati utauma moti ukaupinda uthyoke.

Kusankha magiredi kumachitika mbandakucha kapena tsiku la mitambo, tsamba likafewa ndi chinyezi, chifukwa masana limafumbutuka m'manja. Mayi amakhala pamphasa, mulu uli kumanzere, n'kutenga tsamba limodzi, kulitambasula pa bondo, kuliyang'ana kamphindi, kuliponya pa mulu wake. M'kamphindi kameneko waona zinthu zingapo: ngati lidachokera pansi, pakati kapena kunsonga kwa chomera, kutalika kwake, mtundu, kukhuthala, ndi pong'ambika. Ofanana amawasonkhanitsa m'timitolo, matsinde atalinganizidwa, n'kukulunga kumutu ndi tsamba lina la giredi yomweyo, nsonga yake n'kuilowetsa pakati kuti isamasuke. Palibe chingwe, palibe mfundo, koma kamtolo sikamasuka. Diso limasakanso nthenga ya nkhuku, kapepala ka pulasitiki, ulusi wa thumba, chifukwa kanthu kamodzi kotere kangabwezetse belo lonse kumsika.

Podinda, timitolo timayalidwa m'bokosi la matabwa, mitu kunja, nsonga m'kati, mzere pamwamba pa mzere, jeke n'kutsitsidwa pang'onopang'ono. Kupanikiza mopitirira kumaphwanya tsamba. Belo limatuluka la makona anayi, lolemera pafupifupi makilogalamu 100, n'kusokeredwa m'chiguduli ndi kulembedwa nambala ya mlimi kapena ya kalabu yake. Ulendo wake ndi wa ku msika wa Chinkhoma, m'boma lomwelo la Kasungu, umene umatsegulidwa cha mu Epulo. Kaya ndi pa okushoni kaya pa kontirakiti, mtengo amautchula m'madola pa kilogalamu. Asanaione ndalamayo amachotsapo ngongole ya feteleza, ya thiransipoti, ya chiguduli ndi misonkho. Yotsalayo ndiyo imalowa ku banki.

Kugawa kwake kumachitika usiku, ana atagona. "Amake mwana, iyi tisaikhudze, ndi ya Seputembala," amatero bambo, ndipo mayi amayankha kuti, "Nanga ya Januwale mwaiika pati, abambo ake?" Ambiri amakalipiriratu ku akaunti ya sukulu ndalama ikadali yotentha, lisiti n'kulikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika m'buku la nyimbo. Kenako thiranki. Mayi amasoka dzina la mwana ndi ulusi wofiira pa kolala ya malaya, pa bulangete, pa neti, pa thawulo; pa ndowa ndi mbale amalemba ndi penti. Sopo amamudula zidutswa zowerengera masabata a teremu. Ya m'thumba satumiza yonse nthawi imodzi: imapita pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, kudzera mwa amene sukulu yavomereza.

Kumene mwanayo wapita, nakonso kuli luso lake. Sukulu zogonera konko zolimba zimayendera belu: kudzuka, kukonza pogona, makalasi, masewera, chakudya, kenako pulepu, nthawi ya madzulo imene aliyense amakhala pa desiki yake chete n'kumawerenga zimene waphunzira masana. Chinsinsi chake ndi kubwereza kosalekeza. Ajezuiti adazilemba kalekale zimenezi. Chipani chawo chidavomerezedwa mu 1540, ndipo mu 1599 adatulutsa buku la malangizo a sukulu zawo lotchedwa Ratio Studiorum. M'menemo mphunzitsi amayamba wawatsegulira ana phunziro asanakaliwerenge okha, mawa lake ana amalibwereza pakamwa, ndipo kumapeto kwa sabata amabwerezanso za sabata yonse. Phunziro limodzi limadutsa m'mutu katatu kapena kanayi lisanafike pa mayeso. Onjezanipo labotale, kumene mwana amagwira yekha botolo ndi muyezo m'malo mongoona chithunzi pa bolodi, ndi timayeso tapafupipafupi toonetsa msanga pamene pakutsalira.

Teremu yoyamba imawawa. Mwana amene ankakhala nambala 1 ku pulayimale amapezeka pakati pa anzake amene onse ankakhala nambala 1 kwawo, Chingerezi chikuyankhulidwa kuyambira m'mawa. Uthenga umafika kumudzi wakuti zikuvuta, ndikufuna kubwerera. Kholo lanzeru silikalipa ndiponso silithamangira kukamutenga. Limafunsa ngati akudya, ngati akugona mu neti, kenako phunziro limene lavuta kwenikweni, n'kumuuza kuti, "Mwanawe, pita kwa aphunzitsi a phunziro limenelo ukawauze wekha."

Tchuthi chikafika, lipoti limatambasulidwa pa bondo ngati tsamba la fodya lija, ndipo diso lozolowera magiredi silichedwa kuphunzira. Pa muyezo wa MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, choncho 6 ndiye pamapeto pa ubwino. Bambo amene adalekera Sitandade 5 amaika chala pa mzere wa Chingerezi poyamba, chifukwa adamva kuti wolephera chimenechi satenga satifiketi ngakhale atakhoza zina zonse. Kenako Masamu ndi sayansi. Amayerekeza ndi lipoti la teremu yatha, limene mayi adalisunga, kuona ngati 5 uja wasanduka 4. Mawu a aphunzitsi a m'munsi amauza mwanayo kuti awawerenge mokweza ndi kuwamasulira, akumuyang'ana kumaso kuti asadumphe mzere. Zikatere amamupatsa nthawi yowerenga pa tchuthi, ndipo ang'ono ake amauzidwa kuti asamasokose achimwene awo kapena achemwali awo akagwira buku.

Kuzungulira kumeneku kumachitika kanayi, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, materemu 12, ndipo chaka chimodzi cha ng'amba kapena cha mitengo yoipa chikhoza kudula ulendo pakati. Inu oyendetsa sukulu zotere, ndi inu a makomiti a makolo ndi aphunzitsi, poika masiku olipirira kumbukirani kuti mlimi wa fodya wa kwa Chulu amagwira ndalama pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Muloleni alipiriretu chaka chonse nthawi imeneyo, ndipo amene waperewera mu Januwale mumudikire kufikira mabelo ake atagulidwa.