Akhwangwala sanali mau otsiriza a Van Gogh

Vincent van Gogh, wojambula zithunzi wa ku Holland, anafika ku Auvers-sur-Oise, m'dziko la France, pa 20 Meyi 1890. Anamwalira pa 29 Julayi, patapita masiku awiri cipolopolo citamlowa m'cifuwa. M'masiku 70 okhawo anajambula zithunzi zoposa 70.

Kanema wa Alain Resnais wa 1948 aonetsa zithunzi zokhazokha, nathera pa munda wa tirigu wokhala ndi akhwangwala pamwamba. Ngwokoma ndithu, koma asoceretsa: woonera acoka akuganiza kuti munthuyo anajambula maliro ake omwe. Pamene akatswiri a ku Van Gogh Museum ati cithunzi cotsiriza ndi ca mizu ya mitengo, cimene sanacimalize n'komwe.

Paul Cox anacita bwinoko mu 1987. Anatenga makalata amene Vincent ankalembera mng'ono wake Theo, John Hurt nawawerenga. M'menemo timva munthu wodandaula za utoto, ndalama ndi nchito ya mawa. Tsono abale, mukapeza mwai woonera m'modzi yekha, sankhani wa Cox, pakuti m'menemo mwini wake adzilankhulira yekha.