Christoph Graupner ndi Nyimbo Zake

M'chaka cha 1722 Johann Kuhnau, yemwe ankayang'anira nyimbo pa tchalitchi cha Tomasi Woyera mumzinda wa Leipzig ku Germany, adamwalira. Akuluakulu a mzindawo adasankha Georg Philipp Telemann kuti alowe m'malo mwake, koma iye adakana mabwana ake a ku Hamburg atamuonjezera malipiro. Maso awo adatembenukira kwa Christoph Graupner. Nayenso sadapite, choncho ntchitoyo idagwera Johann Sebastian Bach. Kuyambira pamenepo Graupner amatchulidwa ngati munthu amene adangopatuka kuti Bach adutse. Kumuona chotero n'kumchepsa.

Graupner adabadwa mu 1683 ku Kirchberg, m'chigawo cha Saxony. Nyimbo adaphunzira ku Leipzig komweko pansi pa Kuhnau, kenaka adakagwira ntchito m'nyumba ya zisudzo zoimba ku Hamburg, kumene ankaliza harpsichord, limba lansambo la masiku amenewo. Mu 1709 Ernst Ludwig, mfumu ya dera la Hesse-Darmstadt, idamtenga kuti azikatumikira kubwalo kwake. Mfumu yomweyi ndiyo idamkaniza kupita ku Leipzig mu 1723. Idamkwezera malipiro, n'kumsunga. Nthawi imeneyo woimba wa kubwalo la mfumu sankachoka pantchito popanda chilolezo cha mbuye wake. Graupner adalembera akuluakulu a Leipzig kalata yoyamikira luso la Bach, ndipo adakhala ku Darmstadt kufikira imfa yake mu 1760, atakhala wakhungu kuyambira 1754.

Ntchito yake yaikulu inali kupeka makantata, nyimbo zauzimu za zigawo zingapo zoimbidwa ndi mawu pamodzi ndi zoimbira pa mapemphero a Lamulungu. Makantata ake opitirira 1,400 alipobe, pamene a Bach otsala ndi pafupifupi 200 okha. Kuchuluka kumeneku ndiko kumene ena amamtsutsa nako, ndipo sakulakwa kotheratu. Munthu wopeka nyimbo sabata ndi sabata kwa zaka makumi anayi sangalephere kubwereza njira zake. Mawu a makantata ambiri adalembedwa ndi mlamu wake, mbusa Johann Conrad Lichtenberg, ndipo pena womvera amazindikira kuti onse awiri ankathamangitsana ndi tsiku la Mulungu likudzalo.

Komabe wofuna kumuweruza mwachilungamo ayambe wafunsa chimene Graupner ankafuna m'nyimbo. Bach amalukanitsa mawu anayi kapena asanu, lililonse likuyenda njira yakeyake, mpaka nyimbo imakhala yothinana ngati mphasa yolukidwa bwino. Graupner samakonda kudzaza chotero. Ziganizo zake n'zazifupi, amazibwereza, amasiya mipata yachete, ndipo mtima wake wonse uli pa kamvekedwe ka choimbira chilichonse. Ankakonda zoimbira za mawu apansi ndi ofatsa: chitoliro chotchedwa chalumeau, chomwe ndi kholo la clarinet, komanso bassoon ndi viola d'amore. Pamene opeka anzake ambiri ankangogwiritsa ntchito bassoon pochirikiza mawu a besi, iye adailembera nyimbo zoti itsogolere yokha. Ngakhale ng'oma za timpani, zimene ena ankazisungira nyimbo zachikondwerero, iye amatha kuziliza motsitsa m'nyimbo yachisoni. Luso lake limaonekeranso pa nyimbo zampingo za Chilutera: oimba amatenga nyimbo yodziwikayo mosaikometsera, kuti aliyense aizindikire, pamene zoimbira zikuzungulira pambali ndi kayendedwe kawokawo.

Pali umboni wabwino wofanizira awiriwa. Ndakatulo ya Georg Christian Lehms yotchedwa Mein Herze schwimmt im Blut, kulira kwa munthu wochimwa, Graupner adaipekera nyimbo mu 1712 ndipo Bach adachita chimodzimodzi mu 1714. Ya Bach imatambasula chisonicho, ndipo chitoliro cha oboe chimalira motalika pamodzi ndi woimba. Ya Graupner ndi yachidule, yosamala kuti liwu lililonse la ndakatuloyo limveke. Ya Bach ndi yozama koposa, zimenezo n'zosatsutsika. Koma ya Graupner si mthunzi wake, pakuti idayamba kubadwa ndiyo, ndipo imamveka ngati pemphero la munthu wolankhula chapansipansi.

Chimene chidakwirira dzina lake si kuchepa kwa luso kokha ayi. Atamwalira, abale ake adalimbirana zolemba zakezo ndi bwalo la mfumu, lomwe linkati nyimbo za wantchito ndi chuma cha mbuye wake. Mkanganowo udachititsa kuti mapepalawo atsekeredwe, osasindikizidwa, osaimbidwa, mpaka makonda a anthu adasintha. Koma kutsekeredwa komweko kudawateteza: pamene zolemba zambiri za Bach zidamwazikana n'kutayika, za Graupner zidakhala pamodzi, ndipo zimasungidwa m'nyumba ya mabuku ya yunivesite ku Darmstadt. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Geneviève Soly wa ku Canada adajambula nyimbo zake za harpsichord, ndipo mu 2005 mudatuluka kaundula wa nyimbo zake za zoimbira zokhazokha. Makantata ambiri akudikirabe oimba oti awajambule koyamba.