Dziko Looneka Lopanda Mwini: Kuunikanso Zithunzi za Thomas Baines

Kwa nthawi yaitali, akatswiri a zaluso sankamuwerengera Thomas Baines (1820-1875) ngati mmisiri weniweni. Ankamutenga ngati mlembi wogwiritsa ntchito utoto: munthu wa diso lakuthwa pa zomera, nyama ndi miyala, wothandiza asayansi, basi. Mbiri yake inalinso ndi banga. David Livingstone anamuchotsa ntchito mu 1859 pa ulendo wa mu Zambezi, pomuganizira kuti ankasakaza katundu ku Tete, mlandu umene sunatsimikizidwe. Buku la J.P.R. Wallis la mu 1941 linayesa kutsuka dzina lake, koma linalimbana kwambiri ndi khalidwe la munthuyo kuposa luso lake.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1990. Jane Carruthers ndi Marion Arnold, m'buku lawo la mu 1995, anaunika zithunzizo ngati ntchito ya luso yokhala ndi maganizo a nthawi yake. Zojambula za mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene Baines anafika mu 1862, zinayamba kuwerengedwa ndi funso lina: kodi eni nthaka ali pati? Kawirikawiri ali m'mbali, aang'onoang'ono, onyamula mitolo, ongosonyeza kutalika kwa phompho.

Komabe kunena kuti Baines anafufuta anthu akuda n'kupitirira muyeso. Chithunzi chake cha Conde wa ku Tete chili ndi nkhope ndi dzina. Vuto lagona pena. Kuyambira mu 1869 iye ankatsogolera maulendo a kampani yofunafuna golide kudziko la Lobengula, ndipo mnzake wa pa njira anali Henry Hartley, mlenje wa njovu amene famu yake inali ku Magaliesberg. Dzanja lomwelo limene linkajambula mapiri linkalembanso mapu a miyala ya mtengo wapatali. Kukongola ndi malonda zinadyera mbale imodzi, ndipo ounika amene amayamikira mtundu wa thambo lake osatchula zimenezi amangonena theka la nkhani.

Kumpoto kwa mapiri a Magaliesberg omwewo, m'zaka za m'ma 1920, kunadziwika mzere wa pulatinamu wotchedwa Merensky Reef. Pamwamba pake lero pali Nkaneng, mudzi wa zisakasa za malata wa anthu obwera kudzagwira ntchito m'migodi. Pa 16 August 2012, apolisi anawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi pafupi ndi kaphiri ka Marikana, poyandikana ndi mudziwo. Woona kaphiriko pa zithunzi za atolankhani amapeza miyala, udzu wouma ndi thambo lotambalala zimene Baines ankazikonda, koma anthu ndiwo adzaza pakati pa chithunzi.