Kusambira popanda mzere

Ku Pretoria kulibe nyanja. Osambira a mumzindawu amakulira m'madziwe a simenti, monga la pa Yunivesite ya Pretoria, kumene Tatjana Smith adakhwimira mpaka kukatenga golide ku Tokyo mu 2021 ndi ku Paris mu 2024. Pansi pa dziwe lotero pamakhala mzere wakuda woti wosambira aziutsata, mamita 50 kupita, 50 kubwera. Luso lake ndi lalikulu, palibe angatsutse. Koma amene amandigometsa ine ndi uja wosambira pamene palibe mzere.

Tiyeni pa mchenga wa pa Chembe, ku Cape Maclear. Gombe ili ndi lobisika: kumbuyo mapiri a Nankumba amatchinga mwera, kutsogolo kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe. M'mamawa madzi amangoti zii. Katswiri sathamangira kudziponya. Amayamba waima kaye, n'kusankha chinthu chosasuntha choti chimutsogolere, kaya nsonga ya Thumbi, kaya mtengo wautali kumtunda. Bwato salidalira, poti bwato limayenda.

Akayamba, muyang'anitsitseni mutu. Akapalasa kangapo amatukula maso okha ngati ng'ona, pakamwa pali m'madzi, n'kuona chizindikiro chija, kenaka n'kupendekera kumbali kukoka mpweya. Zonsezi zimatha mkono usanabwererenso m'madzi. Wophunzira amadzutsa mutu wonse, miyendo n'kumira, liwiro n'kuthera pomwepo. Ndipo nyanja yathuyi sichedwa kulanga, chifukwa madzi opanda mchere sayandamitsa thupi monga amachitira a ku Durban.

Palinso nkhani ya mikono. Aliyense ali ndi mkono woposa unzake mphamvu, ndipo ukaulekerera umakukhotetsa pang'onopang'ono mpaka wataya njira osadziwa. Katswiri amaudziwa mkono wake, n'chifukwa chake amazolowera kupumira mbali zonse ziwiri. Mphepo ikadzuka masana amatembenuzira pakamwa kumene mafunde akupita, mkono n'kumauponya m'mwamba kuti dzanja lisagunde funde. Nalo funde salimbana nalo. Amalola limunyamule, iye n'kupalasa likamatsika.

Wina angati izi ndi zazing'ono. Ayese pa mtunda wautali. Mu 1992 Lewis Pugh ndi Otto Thaning adawoloka nyanja ya Malawi, makilomita 25, ndipo mu 2019 Martin Hobbs wa ku South Africa adaisambira m'litali mwake masiku 54. Pa ulendo wotero, kukhota pang'ono mphindi iliyonse kumasanduka maola owonjezera m'madzi.

Ngakhale potuluka pali nzeru yake. Ambiri akangoona mchenga pansi amaimirira, n'kumadzikoka movutikira madzi ali m'chifuwa. Katswiri amapalasabe mpaka zala zitakanda mchenga, ndipo podzuka madzi amakhala ali m'mawondo.