Dzina la Nthenda ya Burkitt: Kodi ndi "Khansa ya Nsagwada"?

Pakati pa mawu a zachipatala amene alowa m'Chichewa mosaunikidwa bwino pali akuti "khansa ya nsagwada". Ena omasulira nkhani za umoyo amawagwiritsa ntchito ponena nthenda imene Denis Burkitt adaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Kalembedwe kake nkosakayikitsa. Liwu loti "khansa" lili ndi mpweya monga "khoti" ndi "khofi", choncho olemba "kansa" amalakwitsa. Chovuta ndi tanthauzo.

Nthendayi siyambira m'fupa. Imayambira m'maselo oyera a magazi, a mtundu umene umapezekanso mu mwanabere, ndipo nsagwada ndi malo amodzi chabe amene imaonekera. Ana ambiri imawatupitsa m'mimba, ena m'diso. Tsono mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene adamva za nsagwada zokha angadziwe bwanji kuti mimba yotupa ya mwana wake ndi nthenda yomweyo? Apa dzina lasokeretsa amene limayenera kumuthandiza.

Liwu loti "chotupa" nalonso palokha silikwanira, pakuti chithupsa ndi chotupa, matsagwidi ndi chotupa, nkhama ikatupa ndi dzino ndi chotupanso. Kholo lomva "chotupa" limadikira kuti chiphwe. Koma ichi sichidikira munthu: chimakula mofulumira kuposa makhansa ena ambiri, mano nkuyamba kugwedera m'masabata owerengeka. Asayansi adapeza kuti chimayenderana ndi malungo obwerezabwereza komanso kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kadadziwika mu 1964, nchifukwa chake kuno nthendayi si yachilendo monga ilili ku Ulaya.

Omasulira ena amanenanso za "opaleshoni", ngati kuti khansa iliyonse imachotsedwa ndi mpeni. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux adagwira ntchito zaka zambiri pakati pa ana otere, madokotala amatenga kachidutswa ka chotupacho ndi singano nkukaunika pa makina oonera zinthu zazing'ono. Chithandizo chake ndi mankhwala, monga cyclophosphamide, ndipo chotupacho chimaphwa msanga kotero kuti makolo ena amasiya mankhwala asanathe. Mmisiri wa mawu asiyanitse "kuphwa" ndi "kuchira".

Dzina loyenera ndi "khansa ya Burkitt", ndipo malo amene yaonekera azitchulidwa pambuyo pake: ya m'nsagwada, ya m'mimba, ya m'diso.